Mmene mungapezere ndi kuzindikira mbalame ya nsidze zoyera yoimba m'bandakucha

M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Munthu amene wangoyamba kumene kuonera mbalame akamva chiwerengero chimenechi amagwa mphwayi, chifukwa sadziwa poyambira. Ine ndikuti yambani ndi imodzi yokha, ndipo ikhale imene mwina imakudzutsani m'mawa uliwonse inu osaidziwa nkhope. Mabuku a mbalame amaitchula kuti White-browed Robin-Chat, akalekale ankati Heuglin's Robin, ndipo dzina lake la sayansi ndi Cossypha heuglini. Anaipatsa dzinali ndi Gustav Hartlaub mu 1866, polemekeza Theodor von Heuglin, katswiri wa mbalame wa ku Germany amene anayendayenda kumpoto chakum'mawa kwa Africa. Pano tiziitchula ndi chizindikiro chake chachikulu, mbalame ya nsidze zoyera.

Ndi mbalame yabwino kuphunzirira pa zifukwa zitatu. Mtundu wake ndi wowala moti ukaiona kamodzi suiwala. Kaimbidwe kake n'kosiyana ndi ka mbalame zina zonse za pakhomo. Komanso sisamukasamuka: yaimuna ndi yaikazi zikapeza malo ozikomera zimakhala pomwepo chaka chonse, kotero mukaiphonya lero mawa muipezanso. Chovuta chake n'chimodzi, ndi yamanyazi. Imakhala m'ziyangoyango, pansi penipeni, pamene maso safika msanga. Anthu ambiri amayamba kuisaka ndi maso, n'kutopa, n'kusiya. Muyambe ndi khutu, kenako muphunzire malo ake, maso abwere pomalizira.

Gawo loyamba: idziweni nyimbo yake musanaione

Apa musathamangepo, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pamenepa.

Nyimbo ya mbalameyi imapangidwa ndi kachigawo kafupi ka malikhweru atatu, anayi kapena asanu, komwe imakabwereza kangapo motsatizana. Poyamba imaimba motsitsa kwambiri, mongonong'ona. Ikabwereza kachiwiri mawu amakwera pang'ono, kachitatu amakweranso ndi kufulumira, mpaka pamapeto pake mawu amadzaza bwalo lonse. Ikafika pachimake imadukiza mwadzidzidzi, kungoti zii. Pakapita kamphindi imayambiranso pansi, nthawi zina ndi kachigawo komweko, nthawi zina ndi kena. Chotero musavutike ndi kuloweza malikhweruwo limodzilimodzi, chifukwa amasintha. Chimene muyenera kusunga m'mutu ndi kapangidwe kake: kubwereza, kukwera, kufulumira, kudukiza.

Mukamvetsera bwino mumva chinthu china chokoma. Nyimbo ikamayandikira pachimake, pamalowa mawu ena aatali, opyapyala ndi okwera kwambiri, osiyana ndi malikhweru aja. Imeneyo ndi yaikazi ikupolokozera mwamuna wake. Zikatero dziwani kuti m'chitsambamo muli mbalame ziwiri, ndipo malowo ali ndi eni ake. Nthawi zina imalowetsamo kulira kwa mbalame zina pongotsanzira, koma zimenezi zisakusokonezeni, kakweredwe kaja kamakhalapobe.

Ilinso ndi kulira kwina kosakoma konse, kokhadzula, ngati "tserr-tserr-tserr" kobwerezabwereza. Uku n'kuchenjeza. Imalira chonchi ikaona mphaka, njoka kapena kadzidzi, komanso kawirikawiri chisisira chikamagwa. Kudziweninso kumeneku, chifukwa masana ikakhala kuti sikuimba, n'kumene kungakuuzeni pamene yabisala.

Ngati muli ndi foni ya intaneti, lembani dzina lakuti Cossypha heuglini pa xeno-canto, tsamba la pa intaneti losungira kulira kwa mbalame, kapena tsitsani pulogalamu ya Merlin Bird ID ya Cornell Lab of Ornithology, mumvere mawu amene anthu ena anajambula. Mverani kangapo usiku musanagone. M'mawa mwake tsegulani zenera kusanache, mukhale chete. Anthu ambiri a ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu amadabwa kupeza kuti nyimboyi akhala akuimva zaka ndi zaka kuseri kwa nyumba yawo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimanyenga aliyense woyamba. Popeza nyimbo imayamba motsitsa, khutu limakuuzani kuti mbalame ili kutali, mwina kutsidya kwa msewu, pomwe ili pa mpanda wanu womwewo, mamita 5 okha kuchokera pamene mwaima. Musanyamule phazi nyimbo ikangoyamba. Dikirani ifike pachimake, pamenepo m'pamene muloze komwe ikuchokera. Ikani zikhatho kuseri kwa makutu, mutembenuze mutu pang'onopang'ono mpaka mawu amveke mofanana mbali zonse ziwiri. Kenako sunthani mapazi angapo chammbali, mumverenso. Pamene mzere umene munaloza poyamba wakumana ndi umene mwaloza kachiwiri, mbalame ili pompo.

Gawo lachiwiri: werengani malo

Mbalameyi imafuna zinthu zitatu pamalo amodzi: zitsamba zowirira kuyambira pansi, masamba ouma oyalana pansi pake, ndi chinyontho chapafupi. Mitengo italiitali yokha siikwanira. M'munda wa bulugamu kapena wa paini mosesedwa pansi simungaipeze, ngakhale mitengo ikhale yambiri chotani. Pa dambo loyera lopanda chitsamba palibenso. M'nkhalango ya miombo, ya mitengo ya mombo ndi tsamba, muifunefune pamene pali chulu chomera zitsamba zothithikana kapena m'mbali mwa kamtsinje, osati pakati pa mitengo yotalikirana.

Malo ake enieni ndi m'mphepete mwa mitsinje momwe muli mikuyu, mibawa, nsungwi ndi zomera zoyanga, m'malire a dimba momwe nthochi zakumana ndi tchire, m'ziyangoyango za m'mbali mwa nyanja, ndi m'mabwalo a nyumba zakale zokhala ndi mpanda wa zitsamba. Ku Lilongwe yendani m'tinjira ta m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ku Lilongwe Wildlife Centre. Ku Zomba pitani ku Botanic Gardens, kumene mtsinje wa Mulunguzi umadutsa. Ku Blantyre kuli mitsinje ya m'munsi mwa phiri la Michiru ndi mabwalo a mitengo yambiri a ku Namiwawa ndi Sunnyside. Ku Liwonde National Park ili m'zitsamba za m'mbali mwa Shire, ndipo kunyanja muimva ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay. Amene muli ku Chipata, Lusaka, Tete kapena Harare, mbalame yake ndi yomweyi ndipo malo ake ndi omwewa.

Kumudzi, kawirikawiri nkhalango yowirira imene yatsala ndi ya kumanda, ndipo mbalame zambiri zimathawira komweko. Mudzaimva ikuimba m'menemo, koma musalowe. Kumanda sikulowedwa wamba, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa ndi kudambwe. Imani panjira kunja kwake, kapena kalankhuleni ndi amfumu kaye. M'mphepete mwa nkhalangoyo ndi malo okwanira, ndipotu mbalameyi imaoneka bwino m'malire kusiyana ndi m'kati.

Mukapeza chitsamba chimene mwamvamo nyimbo m'mawa uwiri kapena utatu wotsatizana, pitani masana mukachione bwino. Funani kampata ka pansi poyera pafupi nacho: kanjira, m'mbali mwa bedi la ndiwo zamasamba, pansi pa mpopi wodontha, pa dzala lotayira masamba. Mbalameyi imatuluka m'chitsamba kudzadya pa malo otere kukamacha ndi kukamada. Sankhani pokhala panu pa mtunda wa mamita 8 mpaka 10, ndipo dzuwa likamatuluka likhale kumsana kwanu. Mukayang'anana ndi dzuwa mbalame iliyonse imangooneka bii, mtundu wake osadziwika.

Gawo lachitatu: nthawi ndi zonyamula

Imaimba chaka chonse, koma imalimbikira kuyambira mwezi wa September mpaka January, nyengo yoswana. Mu October ndi November dzuwa limatuluka itangopitirira 5 koloko, ndipo mbalameyi ndi imodzi mwa zoyamba kuimba, kukadali kamdima. Mukhale mutakhala kale pamalo panu pofika 4:30. M'nyengo yozizira ya June ndi July, 5:30 ndi yokwanira. Nthawi yachiwiri ndi madzulo, dzuwa likupendeka mpaka chisisira. Masana dzuwa lili paliwombo musadzivute.

Zonyamula si zambiri. Kope, pensulo, ndi zovala zosawala, zotuwa kapena zobiriwira, za manja aatali chifukwa udzudzu umaluma nthawi yomweyo imene mbalame ikuimba. Valani nsapato zotseka. Magalasi oonera patali, aja amati binoculars, amathandiza, ndipo ngati mukugula sankhani olembedwa 8x42 chifukwa amalowetsa kuwala kokwanira m'mamawa. Koma kusowa kwa magalasi kusakuletseni. Mbalameyi mukaidekhera imafika pafupi moti maso okha amakwana.

Musanakhale pansi yang'anani ngati palibe linthumbu, ndipo m'chilimwe chenjerani ndi chitedze, chomwe chimayanga m'zitsamba zomwezi za m'mbali mwa mitsinje. M'mbali mwa Shire ndi m'malo ena a nyanja muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'nkhalango zotetezedwa ngati Liwonde musayende wapansi popanda wokulondolerani wa komweko.

Gawo lachinayi: khalani phee

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa mbalameyi mawuwa ndi oona ndithu. Khalani pansi kapena pa kampando kafupi, msana mutatsamira mtengo kapena khoma kuti thupi lanu lisaonekere lokha. Foni ikhale yosalira. Ngati muli awiri, gwirizanani kale kuti simulozerana ndi mkono. Kutambasula mkono mwadzidzidzi ndi kumene kumaithamangitsa kuposa mawu. Nong'onezanani kuti "pansi, kumanzere kwa tsinde la nthochi".

Mphindi 10 kapena 15 zoyamba mwina simuona kanthu. Musasunthe. Ikamaliza nyimbo za m'bandakucha njala imaitsitsira pansi, ndiye tcherani khutu ku masamba ouma. Mumva kuti tswa, tswa, kenako chete, kenako tswa. Ndi iyoyo ikutembenuza masamba ndi mlomo kufuna chakudya. Yang'anani m'munsi mwa chitsamba, pamene mthunzi wathera. Imatulukira modumphadumpha ndi miyendo yonse iwiri, n'kuima chilili, mutu uli m'mwamba, mchira n'kuukweza pang'ono kenako n'kuutsitsa mwapang'onopang'ono. Imajompha kanthu, n'kudumphanso kawiri katatu, n'kuimanso. Mukangogwedezeka imabwerera m'chitsamba mouluka chapansipansi, ndipo chimene mumaona ndi kung'anima kwa mchira wofiirira basi.

Ngati muli ndi magalasi, musachotse maso pa mbalame n'kuyang'ana m'manja. Maso akhale pomwepo, magalasiwo muwakweze pang'onopang'ono mpaka afike pamaso. Yesererani zimenezi masana pa tsamba kapena pa mwala mpaka dzanja lizolowere.

Pali chizolowezi china chimene ndikuchikana poyera: kuliza nyimbo ya mbalameyi pa foni pafupi ndi chitsamba kuti ituluke. Zoona imatuluka, koma imatuluka chifukwa ikuganiza kuti mwamuna wina walowa m'malo ake. Imasiya kudya, imasiya kudyetsa ana, n'kumathera mphamvu pa mdani amene kulibe. M'nyengo yoswana musayerekeze n'komwe. Mbalame imene imakhala pamalo amodzi chaka chonse sifunika kuinyenga, imangofunika kuidikira.

Gawo lachisanu: zoyang'ana, ndi ndondomeko yake

Nthawi zambiri mumakhala ndi masekondi ochepa, choncho dziwiranitu choyamba kuyang'ana.

Yambani ndi kukula kwake. Kuchokera kumlomo mpaka kunsonga ya mchira ndi masentimita 19 mpaka 20, msinkhu wa pumbwa, koma miyendo yake ndi yotalikirapo ndipo imaima mowongoka.

Kenako pitani kumutu, chifukwa yankho lili kumeneko. Pamwamba pa mutu ndi m'masaya ndi mwakuda bii, ndipo pamwamba pa diso pamadutsa mzere woyera mbee, wautali, woyambira pa mlomo mpaka kufika chakunkhongo. Mzerewu ndi wotakata, umaoneka ngakhale kusanayere bwino. Mlomo ndi wakuda, wowongoka, wosanenepa.

Mukatero tsikani m'munsi. Kuyambira pakhosi, pachifuwa, pamimba mpaka pansi pa mchira, mtundu ndi umodzi wokha wosadukiza, wofiirira mowala ngati m'kati mwa papaya wakupsa. Mtunduwu umakwera m'mbali mwa khosi mokhala ngati ukufuna kuzungulira kumbuyo, n'kulekanitsa mutu wakudawo ndi msana. Gwiritsani mawu akuti wosadukiza, chifukwa ndi amene adzakuthandizeni kuisiyanitsa ndi abale ake. Pamimba palibe poyera kapena potuwa.

Msana ndi wotuwa moderako, ndipo mapiko ndi otuwa mopita ku buluu. Mchira ndi wofiirira ngati pamimba, kupatula nthenga ziwiri za pakati zomwe ndi zoderako. Mchira ukakhala wopinda, nthenga zapakatizi zimaphimba zinazo, ndiye umaoneka wakuda kuchokera kumbuyo. Ikauluka kapena kuutambasula m'pamene kufiira kumaonekera.

Yaimuna ndi yaikazi zimafanana, kungoti yaikazi ndi yocheperako pang'ono. Mwana wongotuluka kumene m'chisa ndi wosiyana kwambiri: thupi lake ndi la mawangamawanga oderako ndi otumbuluka, nsidze zisanaoneke bwino. Chomuzindikiritsa ndi mchira wofiirira uja, komanso makolo amene akumudyetsa.

Lembani zimene mwaona nthawi yomweyo, musanatsegule buku kapena foni. Mukayamba ndi kuyang'ana chithunzi, mutu umakunamizani kuti mwaona zinthu zimene simunaone.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: abale ake ndi zina zosokoneza

Mbalame zofiirira pachifuwa zodumphadumpha pansi zilipo zingapo, ndipo apa m'pamene anthu amalakwitsa.

Yoyamba ndi Cape Robin-Chat. Nayo ili ndi nsidze zoyera ndi mchira wofiirira, moti mukaona mutu wokha mungasokere. Yang'anani pamimba. Kufiira kwake kumathera pachifuwa chapamwamba, ndipo m'munsi mwake ndi motuwa ngati phulusa. Ndi yaing'onoko, masentimita 16 mpaka 17. Kuno kwathu imakhala kumapiri ozizira, monga ku Nyika, Viphya, Mulanje ndi pamwamba pa phiri la Zomba, m'malire a nkhalango. Nyimbo yake ndi ya tizigawo tifupitifupi tosakwera mphamvu ngati ya mnzakeyu. Amene mukukhala ku Johannesburg kapena Cape Town, imene mumaiona m'mabwalo a nyumba ndi imeneyi.

Yachiwiri ndi Red-capped Robin-Chat. Pamimba ndi pofiirira ponse ngati yathuyi, koma nkhope yake yonse ndi yofiirira, yopanda nsidze zoyera komanso yopanda chakuda m'masaya. Diso lakuda limangoonekera lokha pa nkhope yofiirayo. Imakonda nkhalango yothithikana kwambiri, ndipo ndi katswiri wotsanzira kulira kwa mbalame zina.

Yachitatu ndi Kurrichane Thrush, yomwe imapezeka m'mabwalo omwewo a m'tauni ndipo ndi yosaopa anthu kwenikweni. Ndi yokulirapo, mlomo wake ndi wofiirira mowala, kufiira kwa thupi kuli m'nthiti mokha, pamimba ndi poyera, ndipo m'mbali mwa khosi muli mizere yakuda yotsika kuchokera kumlomo. Imathamanga pa kapinga poyera, n'kuima, n'kuthamanganso. Mlomo wokhawo ndi wokwanira kukuuzani kuti si imene mukufuna.

Palinso timbalame totchedwa scrub robin, tokhala ndi nsidze zoyera ndi nthiti zofiirira motumbuluka. Timeneti mchira wake ndi wakuda wokhala ndi nsonga zoyera, ndipo pamimba ndi poyera.

Mwachidule, dzifunseni mafunso awiri. Kodi nsidze zoyera zilipo pa mutu wakuda? Kodi kufiira kwafika mpaka pansi pa mchira osadukiza? Mayankho onse akakhala inde, mwaipeza.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: itsatireni chaka chonse

Kuizindikira ndi poyambira chabe. Chokoma chenicheni chimabwera mukayamba kudziwa banja limodzi la mbalamezi ndi mmene limakhalira.

Chakudya chake chachikulu ndi tizilombo: nyerere, chiswe, zikumbu, mbozi ndi akangaude, ndipo nthawi zina imadya tizipatso ting'onoting'ono. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zikamatuluka, manyazi amachepa ndipo imatulukira poyera kudzatola. Madzulo otere ndi mwayi wabwino kwambiri woionera nthawi yaitali. Mukamva kulira kochenjeza kuja kosalekeza, pamodzi ndi phokoso la apumbwa, yang'anani mosamala muli chapatali, chifukwa nthawi zambiri m'chitsambamo mumakhala njoka.

Chisa chimamangidwa ndi yaikazi. Ndi chooneka ngati kambale kozama, cha masamba ouma, timitengo ndi timizu, ndipo chimakhala chapansi, pa mphanda ya chitsamba, m'phako la chitsa kapena pakati pa mizu m'gombe la mtsinje. Imaikira mazira 2 kapena 3, n'kuwafungatira masiku 14 mpaka 17. Ana amakhala m'chisa masiku 13 mpaka 17, ndipo akatuluka makolo amawadyetsabe kwa milungu ingapo. Mukaona mbalame itanyamula chakudya pamlomo osameza, dziwani kuti chisa chili pafupi. Bwererani m'mbuyo. Musakankhe nthambi kuti musuzumire, chifukwa kanjira kamene mwatsegulako ndi komwe mphaka ndi khwangwala adzadzere. Mukapeza mwana wa mawangamawanga ali pansi akulephera kuuluka bwino, musamutole kupita naye kunyumba. Sanatayike, makolo ake ali pafupi ndipo akudikira kuti inu muchoke.

M'miyezi yomweyi yoswana kumamveka mbalame ina yolira mawu atatu otsika motsatizana, yobwereza osatopa, nthawi zina ngakhale usiku. Imeneyo ndi Red-chested Cuckoo, yomwe imafika kuno chakumapeto kwa chilimwe. Simanga chisa chake. Imaikira dzira m'chisa cha mbalame zina, ndipo a mtundu wa robin-chat ndi amene imawakonda. Mwana wake akaswa amakankhira kunja mazira kapena ana a eni chisa, n'kutsala yekha. Chotero tsiku lina mungaone mbalame ya nsidze zoyera ikudyetsa chimwana chakuda chachikulu kuposa iyo, chili kukamwa yasa. Zimamvetsa chisoni, koma musalowererepo. Mbalame ziwirizi zakhala chonchi kuyambira kalekale, ndipo zonse zikadalipo.

M'kope lanu muzilemba tsiku, malo, nthawi imene nyimbo yoyamba yamveka, nyengo, ndi chimene mbalame imachita. Pakatha miyezi ingapo mudzaona nokha nthawi yoyamba kuimba ikusuntha motsatira kutuluka kwa dzuwa. Jambulani nyimbo pa foni, foniyo mutaiika pa mwala kapena pa chitsa kuti phokoso la dzanja lisalowe. Zimene mwaona mukhoza kuziika pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zimene anthu aona, kumene akatswiri amazigwiritsa ntchito podziwa komwe mbalame zikupezeka. Ngati mukufuna anzanu oyenda nawo, funsani bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947 ndipo lili ndi nthambi m'mizinda komanso makalabu m'masukulu. Afunseninso agogo a kwanuko dzina limene amaitchula, muwamveretse nyimboyo, ndipo dzinalo mulilembe pamodzi ndi dera lake.

Gawo lomaliza: ipatseni malo pakhomo panu

Padziko lonse mbalameyi siili pa chiopsezo chakutha, ndipo bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, limaiika m'gulu la zosadetsa nkhawa. Koma pakhomo pamodzi ikhoza kutha mlungu umodzi wokha, ndipo chimaithetsa ndi tsache, chikwanje ndi machesi. Ife timakonda bwalo losesedwa mbee, ndipo pali zifukwa zabwino, njoka ndi ukhondo. Sindikunena kuti musiye kusesa. Ndikupempha ngodya imodzi yokha, kutali ndi khomo ndi posewerera ana, pansi pa mpanda wa zitsamba kapena kuseri kwa nthochi. Masamba a mango ndi a mapeyala amene mumawotcha aja muziwathira pamenepo kuti aziwolerana. M'masamba owola ndi momwe mumakhala chakudya chake chambiri. Pamalopo musapoperepo mankhwala ophera tizilombo.

Mpanda wa zitsamba musaudule m'munsi mpaka kuonekera miyendo, usiyeni wowirira kufika pansi. Kuyambira September mpaka January musadulire musanayang'ane kaye ngati mbalame sizikulowamo ndi chakudya pamlomo. Ngati malo anu ali m'mbali mwa mtsinje, siyani mzere wa tchire pakati pa dimba ndi madzi, ndipo lambulani m'mbali mwake mwezi wa August usanafike kuti moto wa osaka mbewa usalowemo. Chitsamba cha lantana mbalameyi imabisalamo ndithu, koma ndi chomera chobwera chimene chimalanda malo a zomera zathu, choncho musachidzale. Ngati chilipo kale, chichotseni pang'onopang'ono mukudzala zina m'malo mwake.

Ikani madzi. Phale kapena chivundikiro cha ndowa ndi chokwanira, madzi ake akhale osazama kuposa masentimita 3, ndipo muikemo mwala woti izitera. Chiikeni pamthunzi, mamita 2 kuchokera pa chitsamba, pafupi moti ithawiremo koma patali moti mphaka asabisalire. Madziwo muzisintha pakapita masiku awiri aliwonse kuti udzudzu usaswane. Mu October kukatentha imabwera kudzasamba, makamaka madzulo, ndipo mukhoza kuionera muli pakhonde.

Otsala ndi anyamata a malegeni ndi ulimbo. Kuwakalipira sikuthandiza kwenikweni, amangosamukira kuseri. Aitaneni m'mawa wina akhale nanu pansi, muwafunse kuti aloze pamene nyimbo ikuchokera. Ana osaka mbalame ali ndi maso ndi makutu akuthwa kuposa athu, ndipo kawirikawiri amaiona inu musanaione. Mupatseni mmodzi kope ndi pensulo, ntchito yake ikhale yolemba nthawi imene nyimbo yoyamba yamveka tsiku lililonse, ndipo Loweruka lililonse muzikhala naye pansi kuwerenga zimene walemba.